Nyengo ya Mbewu ndi Nyengo ya Digiri: Kuphunzira Kufufuza ku Bvumbwe

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo amaidziwa Bvumbwe chifukwa cha msika wake. Minibasi ikangoima, amayi amathamangira pa zenera ndi mabeseni a tomato, kabichi, karoti ndi mbatata. Ndi okwera ochepa chabe amene amadziwa kuti chapafupi pomwepo pali siteshoni ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, imodzi mwa zakale m'dziko muno. Idayamba m'nthawi ya atsamunda ngati malo oyeserapo mitengo ya tung, yomwe njere zake ankazifinya mafuta opangira penti ndi vanishi. Msika wa tung utagwa, siteshoniyo sidatsekedwe. Lero ili pansi pa DARS, nthambi yoona za kafukufuku mu Unduna wa Zaulimi, ndipo imadziwika ndi ntchito yofufuza za ndiwo zamasamba, zipatso, mbatata ndi mbewu zamitengo monga makadamiya.

M'boma lomweli, ku Ndata, kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Mukapitirira mpaka ku Mimosa m'boma la Mulanje mupeza bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe lakhala likufufuza za tiyi kuyambira mu 1966. Pakati pa malo atatuwa pali maesiteti a Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Conforzi, alimi ang'onoang'ono a tiyi, alimi a ng'ombe zamkaka, komanso mabanja ambirimbiri odalira kamunda kamodzi kothinana pakati pa tiyi ndi phiri. Kwa wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, kaya wa MUST, wa LUANAR, wa UNIMA kapena wa MUBAS, ndi madera ochepa m'Malawi omwe ali ndi mafunso ochuluka chotere moyandikana ndi anthu odziwa kuwayankha. Funso ndi lakuti: nanga wophunzirayo amasanduka bwanji wofufuza weniweni, wosati munthu wongotenga pepala la digiri? Yankho langa ndi lakuti luso limeneli munthu saliphunzira m'kalasi mokha. Amalitengera kwa ena pogwira nawo ntchito, ndipo chomwe chimatisowa nthawi zambiri si nzeru kapena nyumba, koma kuika wophunzira pafupi ndi anthu amene akhala akutsata funso limodzi kwa zaka zambiri.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Digiri yachiwiri imatenga zaka 2. Chaka choyamba chimathera m'kalasi ndi polemba dongosolo la kafukufuku, lomwe ophunzira amangoti proposal. Kumunda kumatsala dzinja limodzi basi. Ngati mvula yachedwa, kapena yabwera yowononga monga idachitira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, munda woyeserapo ukhoza kukokoloka wophunzira atangoyeza kamodzi. Pomwe mbewu za m'derali sizidziwa kalendala ya sukulu. Mtengo wa makadamiya umatenga zaka zingapo usanayambe kubereka. Mtundu watsopano wa tiyi umayesedwa zaka zoposa 10 usanaperekedwe kwa alimi, chifukwa pamafunika kuona zokolola zake, kukoma kwa tiyi wake akafululidwa, ndi kupirira kwake ku chilala m'zaka zosiyanasiyana. Mitundu ya SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, yomwe idachokera ku Mulanje n'kufika m'maiko ena olima tiyi, siidatuluke m'ntchito ya munthu mmodzi wa zaka ziwiri. Ena adasankha zitsamba zoyamba, ena adazikwatitsa, ena adadzayeza zokolola oyambawo atapuma kale pa ntchito.

Chifukwa cha kuchepa kwa nthawiku, ophunzira ambiri amathawira ku mafunso a papepala. Amalemba mndandanda wa mafunso, amalemba ganyu achinyamata angapo, amazungulira midzi sabata ziwiri, n'kubwerera ku tauni ndi manambala. Kafukufuku wofunsa anthu si woipa ayi, ndipo pali nkhani monga za malo, za malipiro kapena za ngongole za alimi zomwe sungazidziwe popanda kufunsa. Chodandaulitsa n'chakuti njirayi imasankhidwa chifukwa ndi yachangu ndi yotchipa, osati chifukwa funso likufuna yomweyo. Zotsatira zake ndi mabuku ambiri a mitu yofanana, onena za zifukwa zimene alimi salandirira njira yakutiyakuti, olembedwa ndi anthu amene njirayo sadaionepo ikuyesedwa m'munda.

Njira yabwino ilipo, ndipo si yachilendo. Wophunzira amapatsidwa gawo limodzi la kafukufuku wautali amene siteshoni ikuchita kale. Iye amatenga nyengo imodzi kapena ziwiri, koma amawerenganso zolemba za zaka zam'mbuyo, ndipo zimene wapeza zimatsala kuti wina adzapitirize. Ku Rothamsted m'dziko la England kuli munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk womwe wakhala ukuyesedwa chaka ndi chaka kuyambira mu 1843. Kumeneko n'kumene Ronald Fisher, m'zaka za m'ma 1920, adakhazikitsa njira zoyalira minda yoyeserapo zimene ofufuza a ku masiteshoni a Bvumbwe ndi Chitedze amagwiritsa ntchito mpaka lero. Fisher adatha kutero chifukwa adapeza mabuku a zokolola a zaka makumimakumi atasungidwa bwino.

Tiyeni tione pafupi momwe ntchitoyi imaonekera. Tsiku lokumba mbatata m'munda woyeserapo, munda umakhala wogawidwa timagawo ting'onoting'ono, kalikonse ndi chikhomo chake cha nambala. Mtundu uliwonse umabzalidwa m'magawo atatu kapena anayi omwazikana mwamaere, kuti pasapezeke mtundu wopambana chifukwa choti udagwera pa chulu kapena pomwe padali khola. Mizere ya m'mphepete siiwerengedwa. Okumba amaunjika mbatata ya gawo lililonse payokha, amapatula yaikulu yogulitsika, yaing'ono ndi yoboola anankafumbwe, kenako zonse zimakwera pa sikelo. Wina amatchula kulemera, wina amalemba ndi pensulo, popeza inki imafufutika chiperoni chikayamba kuwaza. Amadula mbatata zingapo kuti aone kufiira kwa mkati. Zina amaphika n'kuitana alimi kuti alawe, pakuti mbatata yobereka kwambiri koma yamadzimadzi anthu saifuna. Wophunzira amene waima pamenepo tsiku lonse amaphunzira chinthu chimene buku silingamuuze: thumba limodzi likasokonezeka chikhomo, nambala yolakwikayo imalowa mu kompyuta ikuoneka bwinobwino ngati inzake, ndipo palibe pulogalamu yowerengera imene ingaizindikire. Amaphunziranso kuti amene amadziwa mbali ya munda yomwe imadikha madzi si a dokotala nthawi zonse, koma bambo amene wagwira ntchito m'mundamo kwa zaka zambiri wopanda digiri. Wophunzira wonyoza anthu amenewa amadzitsekera yekha khomo.

Ntchito yotereyi ndiyo idabala mbatata yofiira mkati yomwe lero ikupezeka m'misika. Mtundu wa Zondeni udavomerezedwa mu 2008, ndipo mu 2011 padatuluka Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Kadyaubwerere. Dr Felistus Chipungu, katswiri wopanga mitundu ya mbatata amene adagwira ntchito ku Bvumbwe, adali patsogolo pa ntchitoyi mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center. Cholinga chidali chomveka: mbatatayi ili ndi vitamini A, yemwe ana ndi amayi ambiri amaperewera. Mtundu usanafike kwa mlimi umayenera kudutsa ku komiti ya Agricultural Technology Clearing Committee, komwe wofufuza amaonetsa umboni wa nyengo zingapo ndi madera angapo pamaso pa akatswiri anzake. Ndikadakonda wophunzira aliyense wa zaulimi akadaonererako zokambirana za mtundu umenewu asanamalize sukulu, kuti aone munthu wamkulu akufunsidwa mafunso olimba koma osakwiya.

Pamenepa tafika pa nkhani ya ulemu. Ife Amalawi tidaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo khalidweli lili ndi ubwino wake. Koma m'chipinda chokambirana za kafukufuku limatha kupha ntchito. Wophunzira amaimirira, amafotokoza zomwe wapeza, a pulofesa amanena maganizo awo, iye n'kungoti, "Zikomo bwana, ndikakonza." Mwina a pulofesawo sadamvetse momwe munda udayalidwira, ndipo wophunzirayo akudziwa, koma sanena. Anzake nawo amakhala chete poopa kuti akafunsa funso lovuta aoneka ngati akumuchitira nsanje mnzawo. Chonsecho kutsutsa mwaulemu chilankhulo chathu chimakutha bwino. Munthu akhoza kunena kuti, "Pepani a dokotala, mwina sindinafotokoze bwino, koma manambala a nyengo yachiwiri akusonyeza zina," ulemu uli pomwepo, choonadi chilinso pomwepo. Udindo woyamba uli ndi aphunzitsi: wophunzira amayamba kufunsa akaona mphunzitsi wake akuvomera pagulu kuti wamng'ono wanena zoona.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. M'nthawi ya chipani chimodzi, mphunzitsi wa ku Chancellor College Jack Mapanje adatsekeredwa popanda mlandu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito atamuitana Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, aphunzitsi adanyanyala kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wa maphunziro. Wofufuza za nthaka angaganize kuti izi sizimukhudza. Koma ku Thyolo funso la nthaka silichedwa kusanduka funso la malo, ndipo funso la malo limakafika ku thangata ndi ku mbiri ya maesiteti. Wophunzira wofuna kufufuza za malipiro a othyola tiyi kapena za malire a minda amafunika sukulu yokonzeka kuima naye zotsatira zikakhala zosakomera anthu amphamvu.

Munthu wofunika kwambiri pa ulendo wonsewu ndi mphunzitsi womuyang'anira, yemwe ophunzira amati supavaiza. Aphunzitsi a digiri yachitatu m'dziko muno ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo yemweyo amaphunzitsa makalasi aakulu, amakhala m'makomiti, amakagwiranso maganyu a mabungwe kuti malipiro akwane. Chaputala chimatha kukhala pa tebulo miyezi, wophunzira akuopa kukumbutsa. Sindikuona kuti kudzudzula aphunzitsi kokha kungathetse vutoli. Chothandiza n'kugawana katunduyo. Kusiteshoni ngati Bvumbwe ndi Mimosa kuli akatswiri amene tsiku lililonse ali kumunda ndi mu labotale. Wophunzira akakhala ndi oyang'anira awiri, wina wa ku sukulu wina wa ku siteshoni, amapeza wina womuthandiza kulemba ndi wina womuonetsa ntchito ndi manja. Izi zimachitika kale apo ndi apo, kawirikawiri chifukwa anthu awiriwo adaphunzira limodzi ku koleji ya Bunda. Zimafunika zikhale dongosolo lolembedwa, lonena nthawi yokumana, masiku obwezera chaputala, ndi dzina la yemwe lidzayambe pa pepala likadzasindikizidwa. Nkhani ya mainayi ndi bwino kuikambirana poyamba, ntchito isanakome.

Za ndalama sindichulukitsa, popeza aliyense akuzidziwa. Maiko a mu Africa adagwirizana kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ndalama zambiri zofufuzira kuno zimachokerabe kunja. Mabungwe monga RUFORUM, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala, athandiza Amalawi ambiri kupeza digiri za zaulimi. Ndondomeko ya World Bank idabweretsa malo a ukadaulo a AquaFish ku LUANAR ndi ACEPHEM ku sukulu ya zaumoyo yomwe pano ndi KUHeS. Thandizo limeneli n'lenileni. Vuto lake n'lakuti wopereka ndalama ndiye amasankha mutu, ndipo pulojekiti ikatha funso limasiyidwa panjira. Wodzilipirira yekha ndiye ali pamoto: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mankhwala a mu labotale ogulidwa kunja udakwera bajeti ya kafukufuku ili yomweyo.

Kodi funso labwino limachokera kuti? Mbiri ya tiyi m'dera lino ili ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, tiyi wa ku Nyasaland ankadwala nthenda yochititsa masamba kukhala achikasu ndi ang'onoang'ono, zitsamba n'kumauma. H. H. Storey ndi R. Leach adaifufuza, ndipo mu 1933 adasindikiza zotsatira zosonyeza kuti sikadali kachilombo koma kuperewera kwa sulufa m'nthaka. Funsolo lidachokera m'munda, yankho lidabwerera m'munda, ndipo nkhaniyo idalowa m'mabuku a sayansi ya nthaka padziko lonse. Mafunso otere sadathe. Matenda a chisaka, omwe amafala ndi nsabwe za pa nthochi komanso ndi ana a nthochi odwala, adagwetsa ulimi wa nthochi umene mabanja a ku Thyolo ankadalira. Kambozi ka Tuta absoluta kadalowa m'tomato, mbozi zachilendo zidalowa m'chimanga. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idatha, ndipo zimenezo zikukhudza akasupe ndi mitsinje. Mutu uliwonse mwa imeneyi ungadyetse ophunzira angapo motsatizana, wa zaulimi, wa zachuma, wa zamadzi ndi wa mbiri yakale. Wa mbiri yakale ali ndi mwayi wina: nkhokwe ya zolemba zakale za boma ku Zomba, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre.

Kuwerenga ndi kulemba nako kuli ndi mbuna zake. Masiku ano kupeza zolemba za akatswiri sikovuta ngati kale. Kudzera m'ndondomeko monga AGORA ndi Hinari, komanso mgwirizano wa malaibulale wa MALICO, wophunzira wa ku Malawi akhoza kuwerenga magazini ambiri a sayansi pa intaneti popanda kulipira yekha. Koma kupeza pepala n'kosiyana ndi kuliwerenga mozama. Ambiri amangowerenga chidule cha pamwamba n'kutengapo chiganizo. Kumene kuli chikhalidwe cha kafukufuku, ophunzira amakumana kawirikawiri, amatenga pepala limodzi n'kuligaya pamodzi: adayesa bwanji, pa anthu kapena minda ingati, kodi zomwe akunena kumapeto zikugwirizana ndi manambala awo? Izi sizifuna ndalama ya wina aliyense. Kulinso magazini achinyengo omwe amatumiza uthenga wokoma pa imelo, amalandira ndalama, n'kusindikiza chilichonse m'masiku ochepa popanda katswiri wina kuchiunika. Wophunzira wopanikizika kuti asindikize asanamalize amagwa mosavuta, ndipo dzina lake limadetsedwa poyambira penipeni. Makina olemba okha omwe abwera posachedwa awonjezera yesero lina. Amathandiza kukonza Chingerezi, koma amathanso kupeka maumboni omwe kulibe, ndipo amene sadawerenge yekha sangazindikire.

Tsopano za alimi eni ake. Malamulo alipo: bungwe la National Commission for Science and Technology, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2003, limayang'anira makomiti ounika ngati kafukufuku akulemekeza anthu, ndipo wofufuza za anthu amayenera kupeza chilolezo asanapite kumudzi. Akafika kumeneko amayamba waonekera kwa alangizi ndi kwa amfumu, monga m'dera la Inkosi Bvumbwe. Zonsezi n'zoyenera. Koma chikalata chosainidwa sichikwanira. Midzi yoyandikana ndi msewu ndi siteshoni imafunsidwa mafunso kawirikawiri, ndipo anthu adatopa. Mayi wasiya kupalira, wakhala pa mkeka ola lathunthu kuyankha kuti ali ndi mbuzi zingati ndipo adadya kangati dzulo, mlendoyo n'kupita osadzaonekanso. Tsono wina akabwera, funso loyamba limakhala lakuti, "Nanga ife tipindulapo chiyani?" Funso limeneli n'lolungama, ndipo kuliyankha ndi botolo la zoziziritsa kukhosi n'kulipeputsa. Yankho lake n'kubwerera ntchito ikatha, kukhala pansi ndi omwe adayankha aja, n'kuwafotokozera m'Chichewa chomveka zomwe zapezeka, ngakhale zitakhala zoti njira yomwe ankayesa siidathandize. Ndalama ya ulendo wobwererawu iyenera kulowa mu bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo oyesa mayeso azifunsa ngati udachitika.

Kumaesiteti nkhani ndi ina. Esiteti ndi malo a eni ake, ndipo wofufuza amalowa ndi chilolezo cha mabwana. Maesiteti amasunga mabuku a mvula ndi a zokolola a zaka zambiri, chuma chachikulu kwa wofufuza za kusintha kwa nyengo, ndipo kugwirizana nawo n'kopindulitsa. Koma wofunsa ogwira ntchito ayenera kukumbukira kuti mayi wothyola tiyi sangalankhule momasuka kapitawo ali chapafupi, ndiponso kuti dzina lake likadziwika akhoza kutaya ntchito. Kubisa maina pamenepa si mwambo chabe wa pa fomu. Chimodzimodzinso pogwira ntchito ndi ofufuza akunja: wophunzira wa kuno asamangokhala womasulira ndi wotolera manambala, ena n'kukalemba okha kwawo. Msonkhano wa padziko lonse wokamba za chilungamo pa kafukufuku womwe udachitikira ku Cape Town mu 2022 udatsindika mfundo yomweyi ya kugawana ntchito ndi ulemu mofanana.

Chotsala ndi kusunga. Wophunzira akamaliza, buku lake limaikidwa pa shelefu, koma manambala enieni amapita naye mu laputopu, ndipo laputopuyo ikabedwa kapena kufa, ntchito ya nyengo ziwiri yatha. Wobwera pambuyo amayambiranso pachiyambi, kufunsa mafunso omwewo m'midzi yomweyo. Dziko lili ndi MAREN, mgwirizano wolumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo ofufuzira pa intaneti, kotero posungira sipangasowe. Sukulu iliyonse ikhoza kulamula kuti munthu asavale mkanjo asanapereke zinthu zitatu: buku lake pamalo poti aliyense angaliwerenge, manambala ake pamodzi ndi kufotokoza momwe adawapezera, ndi kope la zonsezo ku siteshoni kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lomwe adagwiramo ntchito. Kabuku ka kumunda kolembedwa ndi pensulo kaja nakonso kajambulidwe tsamba ndi tsamba, pakuti m'mphepete mwake ndi momwe mumalembedwa kuti gawo lakuti mudalowa mbuzi kapena kuti sikelo idasinthidwa pakati pa tsiku.